Injini ya ku Joni ndi ya kutsidya kwa nyanja: ya "konkuno" ndi iti?

Nyengo yogulitsa fodya ndi mbatata ya kachewere ikafika, m'misika ya ku Ulongué, Dómuè, Tsangano ndi Zóbuè mumabuka mkangano umene sukutha chaka ndi chaka. Munthu wakhala akusunga ndalama zaka zinayi kapena zisanu, mwina alimi a gulu limodzi asonkherana, ndipo tsopano akufuna galimoto yawoyawo, kaya karinya ya tani imodzi, kaya lole imene ambiri kuno amati kamyau. Pamenepo alangizi sasowa. Wina amati agule ya ku Joni poti ndiyo ya pafupi ndipo injini yake ndi "ya konkuno". Wina amati ya ku Japan ndiyo yosamwa mafuta. Winanso amaloza malole atsopano a ku China amene adzaza msewu wa ku Tete. Alangiziwo akatha kulankhula amabwerera kwawo, koma wogula akalakwitsa, galimoto imakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira m'kati, uku matumba a mbatata akuolera m'mbali mwa msewu.

Mawu akuti "ya konkuno" afunika kuwaunika kaye. M'Mozambique mulibe fakitale yopanga mainjini a dizilo a magalimoto, ndipo ku Malawi ndi ku Zambia kulibenso. Dziko limene linaigwira ntchitoyi mwamphamvu m'chigawo chino cha kummwera kwa Africa ndi South Africa, ndipo linaigwira chifukwa cha mantha. M'chaka cha 1977 bungwe la United Nations linaletsa maiko kugulitsa zida za nkhondo ku boma la tsankho la kumeneko, ndipo bomalo linaopa kuti tsiku lina lidzamanidwanso mainjini a malole ndi mathirakitala. Chotero linamanga fakitale ku Atlantis, pafupi ndi Cape Town, yotchedwa Atlantis Diesel Engines, mwachidule ADE, imene inayamba kutulutsa mainjini m'chaka cha 1981. Mainjini ochokera kunja anawaikira msonkho woboola m'thumba, kuti aliyense wolumikiza malole m'dzikomo agule ku Atlantis, afune asafune.

Komatu ADE sinatulukire injini yakeyake. Inagula chilolezo kwa eni ake a Mercedes-Benz ku Germany ndi kwa Perkins ku England, n'kumapanga mainjini awo omwewo. ADE 352, ya masilinda 6 ndi malita 5.7, ndi mapasa ndi OM 352 ya m'malole a Mercedes a mphuno yobulungira aja. ADE 236, ya masilinda 4 ndi malita pafupifupi 3.9, ndi Perkins yomwe ija imene imapezeka m'mathirakitala ambiri a Massey Ferguson. Ndiye chifukwa chake mpaka lero munthu amatha kuona lole yakale yolembedwa Toyota, Nissan kapena Isuzu pamphumi, koma atatsegula n'kupeza kuti mtima wake ndi wa Chijeremani, wosulidwira ku Cape Town. Amene anapita ku sitolo kukafunsa zipangizo potchula dzina la pamphumi lokha anabwerako ndi chinthu chosalowa.

Ogula malole a nthawi imeneyo ankadandaula kuti mainjini a ADE anakweza mitengo, ndipo boma la tsankho litagwa mu 1994, chitetezo cha msonkho chija chinachotsedwa pang'onopang'ono, fakitaleyo n'kusiya kupanga mainjini athunthu. Koma inasiya chinthu chimene mlimi wa ku Macanga kapena ku Chifunde angapindule nacho. Popeza mainjini a mtundu umodzi anaikidwa m'malole a maina osiyanasiyana kwa zaka zambiri, ndiponso popeza a Mercedes ndi a Perkins anafala m'maiko ambiri, mapisitoni, maringi, magasiketi ndi masefa ake akupangidwabe ndi makampani ena, ndipo amakaniko achikulire amawadziwa ngati njira ya kumunda kwawo.

Kuti phindu limeneli lioneke bwino, nkofunika kukumbukira malole a IFA W50 amene anabwera m'dziko muno kuchokera ku East Germany ufulu utabwera. Anali malole olimba, a matani asanu, osaopa matope. Koma dziko limene linkawapanga linatha mu 1990 pamene maiko awiri a Germany analumikizana, ndipo m'chaka chomwecho fakitale ya ku Ludwigsfelde inaleka kuwapanga. Kuyambira pamenepo lole imodzi inkadyedwa kuti inzake iyende, mpaka ambiri anathera pa njerwa. Injini inalibe mlandu. Inangosowa abale.

Tsono ku makarinya. Toyota Hilux imalumikizidwa ku Durban, Isuzu ku Gqeberha, mzinda umene mpaka 2021 unkatchedwa Port Elizabeth, pamene Ford Ranger imalumikizidwa ku Pretoria ndipo kampaniyo ili ndi fakitale ya mainjini ku Gqeberha komweko. Mapulani a mainjini onsewa ndi ochokera kunja kwa Africa. Chotero kusiyana kwa Hilux ya ku Joni ndi Canter kapena Dyna yogwiritsidwa kale ntchito, yotsikira pa doko kuchokera ku Japan, sikuli pa mbendera ayi. Kuli pa funso lakuti injiniyo anaikonzera mafuta otani, fumbi lotani ndi makaniko wotani.

Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo nkoyenera kuilongosola mosathamanga. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Pisitoni imafinya mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenaka mafuta amapoperedwamo ngati nkhungu n'kuyaka okha. Chopopera mafutawo ndi pampu ndi manozo. M'mainjini akale, monga ADE 352, Toyota 3L ndi 5L, 1HZ ya malita 4.2 ya mu Land Cruiser, Isuzu 4JB1 ndi 4D33 ya mu Canter, pampu imayendetsedwa ndi zitsulo ndi masipuling'i, popanda kompyuta. Ikayamba kuvuta imachenjeza: utsi umasintha, mphamvu imachepa, galimoto imadzuka mwaulesi m'mawa, koma kawirikawiri imafikabe kunyumba. Makaniko wa pansi pa mtengo angathe kuichotsa mpweya, kusintha sefa, kumasula manozo, ndipo pampu ikatheratu angainyamule m'thumba kupita nayo kwa akatswiri a mapampu m'tauni.

Mainjini atsopano amagwiritsa ntchito njira yotchedwa common rail, imene inayamba kuoneka m'malole ku Japan mu 1995 ndipo inafala mu Hilux kuyambira 2005 ndi dzina lakuti D-4D. Manozo akale ankatseguka ndi mphamvu ya mabaa 120 mpaka 250, pamene mu common rail mafuta amafinyidwa kupitirira mabaa 1,500, ndipo kompyuta ndiyo imalamula nthawi ndi muyeso wake. Ubwino wake palibe angaukane: injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu, phokoso ndi lochepa, mafuta imamwa pang'ono. Koma timabowo ta manozo ake ndi tating'ono ngati tsitsi, ndipo kadontho ka madzi kapena kamchenga kamene injini yakale ikanapirira kangathe kuononga manozo onse anayi ndi pampu yomwe. Mtengo wa zimenezo umatha kumeza phindu la nyengo yonse.

Nanga dizilo wa kumidzi, amene ena amati gazoliyo, amakhala wotani? Kutali ndi malo omwetsera mafuta, ambiri amagula wa m'zigubu ndi m'migolo m'mbali mwa msewu. Mgolo ukakhala padzuwa masana n'kuzizira usiku, umachita thukuta m'kati ndipo madzi amakhazikika pansi. Fanizo yothirira imagona pa fumbi. Ena osaopa Mulungu amasakanizamo parafini, amene alibe mafuta okwanira kufewetsa zitsulo za m'pampu. Nzoona kuti dizilo wolowa m'dziko anakonzedwako: mu 2017 Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe anatsitsa sulufule wa m'dizilo kuchoka pa magawo 500 kufika pa 50 pa miliyoni. Koma ku Japan ndi ku Ulaya muyeso ndi magawo 10, ndipo magalimoto atsopano ogulitsidwa kumeneko amakhala ndi sefa ya mwaye ku paipi yotulutsira utsi, ena amafunanso madzi apadera otchedwa AdBlue. Sefa imeneyi imadziyeretsa galimoto ikathamanga ulendo wautali itatentha bwino. Pa ntchito yozungulira m'minda pa giya yoyamba ndi yachiwiri imatsekeka, nyali n'kuyaka, kompyuta n'kuchepetsa mphamvu, ndipo sipanala siingathandize kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yonyezimira ya makilomita ochepa ingakhale yabwinodi, koma yabwino kwa munthu wa ku Osaka.

Izi sizitanthauza kuti chakale chilichonse ndi chabwino. Injini yopanda turbo imavutika ndi mapiri. Mzinda wa Tete uli pansi, osafika mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Ulongué ili pamwamba kupitirira mamita 1,200. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopuma yokha imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake pa mamita 1,000 alionse. Ndiye utsi wakuda uja umene umaoneka lole yodzaza feteleza ikamakwera kuchokera ku Mussacama: mafuta akulowa ochuluka koma mpweya wowawotchera ndi wochepa. Turbo imakankhira mpweya m'kati n'kubweza mphamvuyo, koma nayo imafuna oyilo waukhondo wosinthidwa pa nthawi yake, ndiponso kuti dalaivala asazimitse injini atangofika pamwamba pa chitunda, koma aisiye ilire pang'ono kuti izizire. Kumunsi vuto ndi lina. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala ku Tete kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo ladiyeta yotsekeka ndi matope kapena mankhusu imawiritsa injini mpaka mutu wake kung'aluka, kaya ndi ya ku Joni, kaya ya ku Japan.

Pali kachinthu kenanso kamene kagwetsa ambiri. Mainjini a ADE amayendetsa mavalavu ndi magiya achitsulo, pamene Toyota 3L, 5L ndi 1HZ amagwiritsa ntchito lamba wa mphira wa mano, woyenera kusinthidwa akayenda makilomita pafupifupi 100,000. Lambayu akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amagunda mavalavu. Wogula galimoto yakale sadziwa kuti lamba anasinthidwa liti, choncho wanzeru amayamba wasintha asanasenze thumba ndi limodzi lomwe.

Za malole akuluakulu okoka ngolo, odutsa pa Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza kuchokera ku Beira, nkhani yake ndi yaifupi chifukwa alimi ochepa okha ndiwo angawagule. A ku America, monga Freightliner ndi International, amakhala ndi mainjini a Cummins kapena Detroit a malita 12 mpaka 15, ozungulira mosathamanga, opangidwira ulendo wautali pa phula, ndipo akatopa amawasintha masilivi ndi mapisitoni osawatsitsa m'galimoto. Detroit Series 60 inatuluka mu 1987 ili kale ndi kompyuta, chotero ngakhale akale amafuna makina owapimira amene kumudzi kulibe. Volvo ndi Scania a ku Sweden nawonso ndi choncho. Lole yotere ikaima masiku atatu kudikira katswiri, kampani ya malole makumi awiri imapirira, koma mwini lole imodzi ngongole imamupeza.

A ku China afala chifukwa cha mtengo, ndipo mbiri yawo ikufanana ndi ya ADE. Injini ya WD615, ya malita 9.7, yopezeka m'malole ambiri a Howo, inachokera ku mapulani a Steyr ya ku Austria amene China inagula m'zaka za m'ma 1980, ndipo makarinya ndi timalole tambiri ta ku China tili ndi mainjini otengera Isuzu 4JB1. Kuchuluka kwawo m'misewu kwachititsa kuti zipangizo zipezeke msanga, ndipo pamenepo akuyamba kukhala "a konkuno" kuposa ena. Chovuta ndi chakuti m'masitolo mumakhala zipangizo zofanana maonekedwe koma zosiyana kulimba, ndipo sefa yotchipitsitsa nthawi zambiri ndiyo imapha pampu.

Chotero wogula wa m'maboma a m'malire muno, asanafunse dziko limene injini inabadwira, ayambe wayenda m'magalaja ndi m'maofisina a ku Ulongué, Moatize ndi Tete, ngakhale kutsidya ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, atanyamula nambala ya mtundu wa injiniyo, n'kufunsa ngati sefa, lamba, gasiketi ndi manozo ake zilipo pa shelefu lero lomwe, osati zochita kuitanitsa. Ngati amakaniko atatu apukusa mutu, galimotoyo ndi mlendo, ngakhale itachokera ku Durban. Pa tsiku loiona, afike m'mamawa injini isanalizidwe, chifukwa wogulitsa wochenjera amaitenthetseratu. Utsi woyera wosatha injini itatentha, oyilo m'madzi a mu ladiyeta, kapena mpweya wambiri wotuluka pa chivindikiro cha oyilo, zonsezi zimanena za ndalama zina zimene zikudikira kutsogolo.

Asaiwalenso kupukuta pa thupi la injini n'kuwerenga nambala yodindidwapo, kuti aone ngati ikugwirizana ndi yolembedwa mu livrete. Malole ambiri akale anasinthidwa mainjini m'njira, ena kawiri, popanda kukalembetsa ku ofesi ya boma yoona za magalimoto, ndipo nambala zikasiyana, wapolisi wa pamsewu kapena wa pachipata amafunsa amene wagwira chiwongolero tsiku limenelo, osati amene anagulitsa.