Chikomekome cha TV m'sitolo: zimene ndidaphunzira ku Limbe

TV yathu idafa Lachisanu lina madzulo. Magetsi adali atazima kuyambira m'mawa, ndipo atabwera cha m'ma 6 koloko tidangomva kuti phu! kenako kafungo ka waya wopsa m'chipinda chochezera. Idali yachikale ija, yamimba kumbuyo, yomwe bambo anga adagula patangopita zaka zochepa Television Malawi itayamba kuulutsa mu 1999. Bambo atatisiya, mayi adabwera nayo kwathu kuno ku Bangwe. M'misiri wa pamsika ataitsekula adapukusa mutu. Adati zipangizo zake zidasiya kupezeka, bola kungoiiwala.

Ndalama idalipo pang'ono. Mayi akunyumba adali atangolandira ya chipereganyu, ine n'kuonjezerapo yomwe ndinkasunga. Koma idali ndalama yogulira kamodzi basi. Tikadalakwitsa, tikadakhala ndi cholakwikacho kwa zaka zambiri, kapena kukhala opanda TV kumene.

Aliyense m'nyumba adali ndi khumbo lake. Ana ankafuna "plasma" yaikulu ngati ya kwa aneba. Ine maganizo adali pa mpira, makamaka tsiku lomwe Bullets ikukumana ndi Wanderers. Mayi anga, omwe maso ayamba kuwavuta, ankangofuna kuona bwino nkhope ya owerenga nkhani komanso mapemphero a Lamulungu ali pampando wawo wa pakona, womwe sasinthana ndi munthu.

Loweruka ndidakwera minibasi kupita ku Limbe. M'sitolo yoyamba mnyamata wogulitsa adandilandira ndi manja awiri. "Bwana, tengani iyi. Plasma ya 55, smart, 4K, palibenso ina yoposa apa." Pagalasipo pankaoneka mbalame zamitundu yowala, nthenga iliyonse payokha. Dzanja lidatsala pang'ono kulowa m'thumba. Chidandiletsa n'chakuti pakatoni padalembedwa LED, pomwe iye ankati plasma. Nditamufunsa kusiyana kwake adangoti ndi zimodzimodzi. Safunsa adadya phula, choncho tsiku limenelo ndidabwerera chimanjamanja n'kukakhala pabenchi ya m'misiri uja, yemwe wakhala akutsekula ma TV kwa zaka zambiri. Zimene adandiuza ndidazitsimikiza powerenga timabuku ta opanga ma TV, ndipo ndati ndigawireko anzanga amene akusunga ndalama ngati ine.

Choyamba, dzina loti plasma tidangolizolowera ngati momwe timatchulira mankhwala alionse otsukira mano ndi dzina limodzi. Plasma yeniyeni idaliko, koma makampani akuluakulu monga Panasonic, Samsung ndi LG adasiya kuipanga mu 2014. Mukapeza plasma yeniyeni lero, dziwani kuti ndi yakale, yogwiritsidwa kale ntchito. Chithunzi chake chidali chabwino, koma imalemera, imatentha ndipo imadya magetsi ambiri.

Pafupifupi ma TV onse opyapyala amene ali m'masitolo athu ndi a mtundu wa LCD, ngakhale pakatoni alembe LED. M'misiriyo adandifotokozera motere: "Akulu, yerekezani zenera lokhala ndi timakatani tambirimbiri, kuseri kwake kukuyaka nyali. Timakatanito tikamatseka ndi kutsekula, inu mumaona chithunzi." Zeneralo ndiye LCD, pomwe LED ndi timababu toyaka kumbuyo. Ubwino wake ndi mtengo wotsika, kuwala kokwanira masana ndi kusadya magetsi ambiri. Kuipa kwake n'kwakuti nyali ija siibisika kotheratu, motero malo oyenera kukhala akuda bii amaoneka otuwa, makamaka usiku. Iye adati vuto lomwe amalikonza kawirikawiri ndi timababu timeneti: mawu amamveka koma chithunzi palibe. Limakonzeka, ndipo amene amatsitsako kuwala kwa TV yake timababuto timakhalitsa.

QLED, dzina lomwe Samsung idatchukitsa mu 2017 ndipo makampani ena monga Hisense ndi TCL amaligwiritsanso ntchito, ndi LCD yomweyo. Adangoonjezeramo kansalu ka tinthu ting'onoting'ono tomwe timapangitsa mitundu kuoneka yowala ndi yokhwima. Palinso Mini-LED, yomwe timababu take ndi tating'ono kwambiri ndi tochuluka, moti TV imatha kuzimitsa mbali imodzi kwinaku ina ikuwala. Pamenepo mdima umaonekako ngati mdima.

OLED ndiye nkhani ina, ngakhale dzina likusiyana ndi QLED pa chilembo chimodzi chokha. Ilibe nyali kumbuyo. Kadontho kalikonse ka chithunzi kamayaka pakokha n'kuzima pakokha, ndiye chakuda chimakhala chakudadi, ndipo chithunzi sichisintha ngakhale mutakhala chammbali. LG idayamba kugulitsa zazikulu za mtunduwu mu 2013. Ndidaiona imodzi m'sitolo ina ku Blantyre ndipo sindinama, ndi yokongola. Koma mtengo wake ndi wa ena, ndipo ili ndi chofooka chake: chinthu chikakhala malo amodzi pagalasi kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku, monga chizindikiro cha tchanelo pakona kapena mzere wa nkhani m'munsi, chimatha kusiya chipsera chosafufutika. Kwathu TV imakhala pa tchanelo imodzi kuyambira mayi akadzuka mpaka ana ataweruka kusukulu. Ngakhale ndikadakhala ndi ndalama, imeneyi siikadatiyenera.

Nkhani yachiwiri ndi ya 4K. Chithunzi cha TV chimapangidwa ndi timadontho. Ya HD wamba, monga zambiri za mainchesi 32, imakhala ndi timadontho 1,366 m'litali ndi 768 m'lifupi, kuposa 1 miliyoni pang'ono. Full HD ili ndi 1,920 ndi 1,080, zomwe ndi 2 miliyoni ndi kanthu. 4K ili ndi 3,840 ndi 2,160, kupitirira 8 miliyoni. Pomva manambalawa munthu ungati 4K ndiye yokhayo yogula. Koma TV siipanga yokha chithunzi, imangoonetsa chimene yalandira. Matchanelo ambiri amene timaonera kwathu pa dikoda amabwera mu SD, chithunzi cha timadontho pafupifupi 400,000. Chikalowa mu TV ya 4K chimatambasulidwa kuti chidzaze malo ochuluka ka 20. Zili ngati kusungunula supuni imodzi ya shuga m'ndowa ya madzi.

Nditabwerera ku Limbe sabata yotsatira ndidapempha wogulitsa kuti achotse kafulashi komwe kankaonetsa mbalame zija n'kulumikiza dikoda. Adachita monyinyirika. Pa TV ya 55 ija nkhope ya owerenga nkhani idaoneka ngati yopakidwa sera, ndipo malembo a m'munsi adali ophwanyikaphwanyika. Pa ya 43 yomwe idali pambali pake, chithunzi chomwecho chidaoneka chogwirana bwino. Apa m'pamene ndidakumbukira kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziwaninso kuti m'sitolo ma TV amawaika pa kuwala kwapamwamba kwambiri kuti akope maso. Kunyumba simungaonere choncho, maso angawawe. Tengani rimoti, sankhani Standard kapena Movie, muone chithunzi chimene mukakhale nacho.

Za kukula ndidayamba ndayeza kunyumba. Mainchesi a TV amayezedwa mopingasa, kuchoka pakona ya m'munsi kufika pakona ya m'mwamba mbali inayo, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Ndiye kuti ya 32 ndi masentimita 81, ya 43 ndi 109, ya 55 ndi 140. Kuchoka pasofa yathu kufika pakhoma pali mamita awiri ndi theka. Pamtunda wotere, pa TV ya 43, diso silitha kusiyanitsa bwinobwino Full HD ndi 4K. Kulipirira timadontho tomwe sindidzationa kukadakhala kutaya ndalama. Ya 32 ikadachepa kwa mayi. Ya 43 ndiyo idakhala pakatikati. Tepi yomweyo ndidapita nayo kusitolo, chifukwa m'misiri adandichenjeza kuti ma TV ena osadziwika bwino amalembedwa mainchesi oposa kukula kwake kwenikweni.

Mpando wa mayi wa pakona udandiphunzitsa chinthu chomwe sichilembedwa kawirikawiri pakatoni. Magalasi a LCD alipo a mitundu iwiri yodziwika, VA ndi IPS. VA imaonetsa bwino zakuda mukakhala kutsogolo kwenikweni, koma mukasunthira kumbali mitundu imafwifwa. IPS zakuda zake n'zotuwirako, koma chithunzi chimakhala chomwecho ngakhale muli chammbali. Munthu wokhala yekha, woonera mafilimu usiku atazimitsa nyali, VA ingamukomere. Banja ngati lathu, ena pasofa, ena pamkeka, ena pakhomo la kukhitchini, lifunika IPS. Simufunika kuloweza mayinawa. Imani kutsogolo kwa TV, kenako yendani pang'onopang'ono kupita kumbali uku mukuyang'ana nkhope ya munthu ali pagalasipo. Ikayamba kutuwa ngati wadwala, TV imeneyo si ya nyumba ya anthu ambiri. Ndidachita zimenezi pa ma TV anayi, wogulitsa akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Awiri adalephera mayesowo.

Magetsi nawo ndi ndalama. Kumbuyo kwa TV iliyonse kuli kapepala kosonyeza mawatsi. Yuniti imodzi yomwe timagula ndi mawatsi 1,000 kwa ola limodzi. TV ya mawatsi 60 yoyaka maola asanu patsiku imadya mayunitsi 9 pamwezi, pomwe ya mawatsi 150 imadya 22 ndi theka. Pakapepala pomwepo onetsetsani kuti palembedwa 220 mpaka 240V, kapena 100 mpaka 240V, poti magetsi athu ndi a 230V. Ena amalandira TV kuchokera kwa abale a ku America, komwe magetsi ndi a 120V, n'kuiotcha tsiku loyamba. Amene mumadalira sola, ngati mlamu wanga ku Thyolo, funsani TV ya 12V yolumikiza ku batire mwachindunji, chifukwa inveta nayo imadyako mphamvu ya batire.

Ndipo musatuluke m'tauni opanda TV guard. Kachipangizo kameneka kamadula magetsi akakwera kapena kutsika mopyola muyezo, ndipo akabwera pambuyo pozima kamadikira kaye kanthawi kasadawalole kulowa mu TV. Tikadakhala nako, mwina ya bambo ija ikadalipobe. M'nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi pamodzi ndi waya wa eriyo kapena dishi, chifukwa mphenzi imalowera konseko.

Pa za smart ana adandikakamiza kwambiri. TV ya smart ndi yomwe imalowa pa intaneti n'kuonetsa YouTube, Netflix ndi zina. Popanda bandulo ndi TV wamba. A Netflix eni ake amati ola limodzi la HD limatha kudya 3GB, ndipo la 4K mpaka 7GB. Ndidawafunsa ana kuti bandulo ya mwezi wonse yomwe ili m'foni mwanga ingatifikitse pa mafilimu angati. Adawerengera okha n'kukhala chete. Tidagwirizana kuti zinthu zikadzayenda tidzagula kabokosi ka smart kolumikiza ku HDMI. Chifukwa cha ichi ndidaonetsetsa kuti TV ili ndi malo a HDMI awiri kapena kuposa, a USB, komanso a mawaya atatu aja, ofiira, oyera ndi achikasu, poti dikoda yathu ndi yakale.

Mawu ndidawamveranso. TV ikapyapyala, masipika ake amachepa. Ndidapempha kuti akweze pa nkhani, chifukwa nyimbo zimabisa zambiri. Pa ina mawu ankamveka ngati munthu akulankhulira m'chitini.

Chomaliza ndi kusamala ndi zachinyengo. M'sitolo ina ndidapeza TV yokhala ndi dzina lofanana ndi la kampani yotchuka, koma chilembo chimodzi chidali chosiyana. Pa ina dzinalo lidali lomata, loti ukhoza kulikanganula ndi chikhadabo. Nambala ya mtundu wa TV iyenera kufanana pakatoni, kumbuyo kwa TV ndi m'kati mwake mukatsekula ndi rimoti. Auzeni aitulutse m'katoni n'kuiyatsa muli pomwepo, ndipo muyang'ane ngati palibe kadontho kakufa kapena mzere pagalasi. Tengani lisiti yolembedwa nambala ya TV yanuyo ndi chikalata cha warranty chodindidwa, ndipo funsani komwe mungakaipereke ikavuta. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limamva madandaulo a ogula, koma popanda lisiti mukayambira pati?

Ndidagula LED ya mainchesi 43, Full HD, yopanda smart. Ndalama yotsala idakwana TV guard ndi chitsulo chopachikira kukhoma, kuti mwana wathu wamng'ono asadzaigwetse. Sindinganene kuti ilibe chilema. Usiku, filimu ikafika pamdima, ndimaona kutuwa kuja ndipo ndimakumbukira OLED ya ku Blantyre. Ana nawo akadali kunena kuti ya kwa aneba ndi yaikulu.

Lamulungu loyamba mayi adakhala pampando wawo wa pakona, mapemphero ali m'kati. Patapita kanthawi adandiitana. "Iwe, kodi abusa awa ali ndi imvi? Zaka zonsezi ine ndimayesa ndi mnyamata." Mayi akunyumba adaseka mpaka kugwetsa chikombe, ndipo kuyambira tsiku limenelo sadandifunsenso chifukwa chake ndalama yawo ya chipereganyu idatenga masabata awiri isanagule kanthu.