Kugwirizanitsa Makina Owazira Nkhuni ndi Mphamvu ya Thirakitala Yaing'ono

Nkhani ya lero ikukhudza onse amene amasowa nkhuni zambiri chaka ndi chaka: alimi ochiza fodya m'mabalani, eni minda ya bulugamu, ndiponso oyang'anira sukulu zogonera komweko. Kwa anthu otere nkhwangwa siikwanira. N'chifukwa chake ena amene ali ndi thirakitala yaing'ono amaganiza zogula makina owazira nkhuni, omangirira kumbuyo kwa thirakitalayo ndi kuyendetsedwa ndi oyilo wake wa haidiroliki. Maganizowo ndi abwino ndithu, koma munthu akagula makina osagwirizana ndi thirakitala yake, ndalama zake zalowa m'madzi.

Makinawa ndi osavuta kuwamvetsa. Pali mtanda wachitsulo pamene amagonekapo chipika, pali mpeni wokhuthala wonga nkhwangwa, ndipo pali silinda. Pampu ya thirakitala ikatumiza oyilo m'silindamo, pisitoni imakankha chipikacho kufikira chitang'ambika. Nzeru imeneyi ndi yakale. Blaise Pascal wa ku France, amene anamwalira mu 1662, ndiye anafotokoza kuti madzi otsekeredwa akapanikizidwa mbali imodzi amakankha mofanana mbali zonse, ndipo mu 1795 Joseph Bramah wa ku England analembetsa makina opanikizira zinthu ogwiritsa ntchito lamulo lomwelo.

Tsono pali manambala awiri amene mwini thirakitala ayenera kuwapeza m'buku la thirakitala yake asanapite kwa wogulitsa. Yoyamba ndi puresha, ndiko kunena ukulu wa kupanikizika kwa oyilo, umene amauyesa m'mabar. Yachiwiri ndi kuchuluka kwa oyilo amene pampu imatulutsa pa mphindi imodzi, ndipo kumeneku amakuyesa m'malita. Puresha ndiyo imapereka mphamvu yong'ambira. Malita ndiwo amapereka liwiro. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo kuzisokoneza ndiko gwero la madandaulo ambiri.

Chitsanzo chithandiza. Thirakitala ina ili ndi puresha ya mabar 170, ndipo pampu yake imatulutsa malita 20 pa mphindi. Makina ogulidwa ali ndi silinda ya mamilimita 100 m'mimba mwake, yotambasuka masentimita 60. Silinda yotereyi, pa puresha imeneyo, imakankha ndi mphamvu ya matani 13 ndi theka. Kuti itambasuke yonse pafunika oyilo wokwana malita 4.7, ndipo pampu ija idzatha masekondi 14 kuti iudzaze. Pobwerera m'mbuyo pafunika oyilo wocheperako, popeza ndodo ya pisitoni yatenga malo ena. Pamenepo padzapita masekondi ngati 11. Kotero chipika chilichonse chidzadya masekondi 25, osawerengera nthawi yochinyamula ndi kuchigoneka.

Wogula wina angakopeke ndi makina aakulu, a silinda ya mamilimita 125. Zoonadi mphamvu idzakwera kufika matani 21, koma ulendo umodzi wopita ndi kubwera udzafuna oyilo wopitirira malita 13, ndipo pa thirakitala yomweyo udzatenga masekondi 40. Wantchito adzatha tsiku ali chilili, akuyang'ana chitsulo chikukwawa ngati nkhono, dizilo ali kupsa. Pamene silinda ya mamilimita 80 imatambasuka m'masekondi 9 okha, koma mphamvu yake siifika matani 9, ndipo ikakumana ndi chipika cha mfundo imangoima. Choncho silinda ikakula mphamvu imachuluka koma liwiro limachepa, ndipo palibe njira yopezera zonse ziwiri popanda kusintha pampu.

Apa mpamene mtundu wa mtengo uyenera kuganiziridwa. Paini, monga wa ku Chikangawa, amang'ambika msanga, ndipo silinda yaing'ono imamukwanira. Bulugamu wouma, makamaka wopotana mkati, ndiponso zipika za mphanda, zimafuna mphamvu yoposa. Bulugamu amawazika bwino akadali wamuwisi.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Matani olembedwa ndi zilembo zazikulu pa makina kawirikawiri amawerengedwa pa puresha yoposa imene thirakitala zazing'ono zimafikapo. Makina olembedwa matani 16 pa mabar 200 sadzapereka matani 16 pa thirakitala ya mabar 150; adzapereka 12. Nawonso malita olembedwa m'mapepala otsatsira thirakitala nthawi zambiri amaphatikiza oyilo wa chiwongolero, amene sapita ku zida zakumbuyo. Nambala yofunika ndi ya oyilo wa zida yekha. Ndiponso malita amenewo amatuluka injini ikuthamanga pa liwiro lake lonse. Ikamangolira pang'onopang'ono, oyilo amachepa momwemo. Thirakitala zakale monga Massey Ferguson 135, zimene zinayamba kupangidwa mu 1964, zili ndi pampu yaing'ono imene inapangidwira kunyamula khasu, ndipo makina owazira nkhuni amayenda mochedwa pa izo.

Ena amadabwa kuona makina oima paokha, a injini yaing'ono ya petulo, akupambana thirakitala pa liwiro. Chinsinsi chili m'pampu. Makina amenewo amakhala ndi pampu ya magawo awiri: pisitoni isanakumane ndi kulimba kwa mtengo, pampuyo imatulutsa oyilo wambiri pa puresha yochepa, ndipo mtengo ukalimba imachepetsa oyilo nikweza puresha. Pampu ya thirakitala zambiri zazing'ono ilibe nzeru imeneyi. Mankhwala ake ndiwo kugula makina okhala ndi pampu yawoyawo ndi thanki yawoyawo, oyendetsedwa ndi shafuti ya PTO imene imazungulira maulendo 540 pa mphindi. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma oyilo wa thirakitala sakhudzidwa konse.

Chinanso chofunsa kwa makaniko ndi mtundu wa haidiroliki. Thirakitala zazing'ono zambiri ndi za mtundu wotchedwa open centre, m'mene oyilo amazungulira kosalekeza kubwerera ku thanki ngakhale palibe ntchito. Zina, monga zazikulu zimene kampani ya John Deere inayamba kutulutsa mu 1960, ndi za closed centre, m'mene njira ya oyilo imatsekeka ntchito ikaima. Valavu ya makina owazira nkhuni iyenera kukhala ya mtundu umodzi ndi thirakitala. Kuika valavu yotseka pa thirakitala ya open centre kumachititsa pampu kukankha oyilo wopanda kolowera. Oyilo amatentha, mphira zotsekera zimauma, ndipo pampu imafa isanakalambe. Mapaipi opapatiza ndi zolumikizira zazing'ono nazonso zimatenthetsa oyilo. Oyilo akapitirira madigiri 80, ndi bwino kuima kuti azizire. Thirakitalayo iyeneranso kukhala ndi malo awiri olumikizira mapaipi kumbuyo, lina lotulutsa oyilo, lina lobwezera, ndipo zolumikizirazo azizipukuta fumbi nthawi zonse asanazilowetse.

Pomaliza, mawu a chenjezo. Chitsulo chong'amba bulugamu sichisiyanitsa mtengo ndi chala. Wogoneka chipika akhale yemweyo wogwira chogwirira cha valavu, ndipo chipikacho achigwire m'mbali, osati kumapeto. Ana asayandikire. Paipi ikamadontha, munthu asafufuze bowo ndi dzanja, koma ndi chikatoni, pakuti oyilo wa puresha yotere amaboola khungu ndi kulowa m'mnofu. Balalo limaoneka laling'ono ngati la singano, koma lingathe kudulitsa dzanja. Wovulala motero apite ku chipatala nthawi yomweyo, nakafotokoze kuti ndi oyilo wa makina. Asanamasule paipi iliyonse, azimitse injini ndi kugwedeza chogwirira kuti puresha ithe.

Safunsa anadya phula. Mwini thirakitala alembe papepala mabar ake, malita a zida zakumbuyo, mtundu wa haidiroliki, ndiponso mtundu ndi ukulu wa zipika zimene adzawaza. Pepala limenelo apite nalo kwa wogulitsa, ndipo asatulutse ndalama kufikira manambala a makinawo atagwirizana ndi ake.