Galimoto yokana kulira dalaivala akamwa mowa

Amayi anzanga, pa zaka zomwe ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba, Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndimalidziwa bwino. Anthu alandira malipiro, malo omwera mowa adzaza, ife kuchipatala timakonzeratu mabandeji. Sindiiwala mayi wina woyembekezera amene anabwera naye usiku atagundidwa ndi galimoto pochokera kumsika. Mayiyo anachira, koma mwana sitinathe kumupulumutsa. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti dalaivalayo anali atagwidwapo kale akuyendetsa ataledzera. Analipira chindapusa n'kubwerera pachiwongolero.

Maiko ena anapeza njira yothana ndi madalaivala otere. Ndi kachipangizo kotchedwa ignition interlock, kukula kwake ngati foni ya m'manja, kamene amakalumikiza ku mawaya olizira injini. Dalaivala asanalize galimoto amauziramo mpweya. Kakapeza mowa wopitirira muyeso womwe anakatchera, galimoto silira, apotoze kiyi kangati. Mwina mukuti, nanga akapempha mnzake wosamwa kuti amuuzirire? Opanga anaziganizira. Kamafunanso mpweya ulendo uli mkati, ndipo tambiri tili ndi kamera yojambula nkhope ya wouzirayo.

Ku America, chigawo cha New Mexico ndicho chinayamba, mu 2005, kulamula kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlanduwu, ngakhale kakhale koyamba, amuikire kachipangizoka m'galimoto. Bungwe loona za umoyo m'dzikolo la CDC limati kamachepetsa kubwereza mlanduwu ndi pafupifupi 70 peresenti nthawi yomwe kali m'galimotomo. Ku France, kuyambira 2015, mabasi a maulendo ataliatali saloledwa kuyenda opanda kachipangizoka.

Vuto limabwera kakachotsedwa: ambiri amabwerera ku khalidwe lawo lakale. Ine sindidabwa nazo. Kamatseka injini koma ludzu la mowa limakhala lilipobe, ndipo uchidakwa ndi matenda ofuna uphungu ndi chithandizo cha nthawi yaitali. Choncho miyezi imene munthu ali nako ndiyo yoti azionananso ndi achipatala. Ndalamanso zimalowa, poti wolakwayo ndiye amalipira mwezi ndi mwezi.

Kuno kwathu ndikadakonda tikadayambira pa mabasi, maminibasi ndi magalimoto onyamula ana asukulu, pomwe dalaivala mmodzi amanyamula miyoyo yambiri. Aphungu a dera lanu akadzabwera kudzachititsa msonkhano, mudzawafunse zomwe lamulo lathu limachita ndi dalaivala wogwidwa kachiwiri ataledzera.