Thireyi imodzi ya nsomba, mbatatesi ndi mondokwa: geni yosalira mafuta ambiri

Mafuta ophikira ndiwo akudya phindu la ogulitsa tchipisi. Aliyense amene ali ndi chiwaya pa siteji ya Liwonde, pa Mangochi Turn-off kapena pa depoti ya Balaka amadziwa kuti asanagulitse ndi mbale imodzi yomwe amakhala atathira kale ndalama zambiri m'chiwayamo, ndipo mafutawo akada palibe kowabweza. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njira ya ambiri yakhala yochepetsa mulu wa tchipisi kapena kukazingira mafuta omwewo masiku angapo. Kasitomala amaona zonsezi ngakhale sayankhula.

Pali kaphikidwe kena kamene sikafuna kumiza chakudya m'mafuta. Kumwera kwa America, m'madera a South Carolina ndi Louisiana, anthu ali ndi chakudya chomwe amawiritsa mumphika umodzi waukulu: mbatatesi, chimanga chachiwisi chodula zidutswa, soseji ndi tizilombo ta m'madzi tokhala ngati nkhanu, tomwe m'masitolo akuluakulu amatigulitsa ndi dzina loti prawns. Zikapsa amangozikhuthulira patebulo, aliyense n'kumadya ndi manja. Ophika a masiku ano anaona kuti mphikawo ndi wochedwetsa, choncho amangoyala zonsezo pa thireyi imodzi, kuwaza mafuta pang'ono ndi zokometsera, n'kulowetsa mu uvuni.

Za prawns tingoziiwala. Zomwe zimapezeka m'dziko muno zimabwera zouma ndi ayezi kuchokera kunja, makamaka ku Mozambique, ndipo mtengo wake si wa munthu wodikira minibasi ya ku Ntaja. Koma Machinga ndi Balaka ali ndi zonse zolowa m'malo mwake. Mtsinje wa Shire ukudutsa pa Liwonde pomwepo. Nyanja ya Malombe ili chakumtunda, pomwe Chilwa ndi Chiuta zili kum'mawa, komwe kumachokera makumba, mlamba ndi matemba. Mbatatesi zimatsika kuchokera ku Tsangano ndi Lizulu m'boma la Ntcheu. Mondokwa amapezeka m'madimba ngakhale m'chilimwe. Uvuni nawonso si wachilendo: amayi ophika masikono ndi zigumu ali nawo kale, wa njerwa kapena wa mgolo, ndipo nthawi zambiri umangokhala ukuzizira masikono akaphulidwa m'mawa.

Luso lonse la thireyi lagona pa kudziwa kuti zinthu zitatuzi sizipsa nthawi imodzi. Wongoziunjika pamodzi n'kutseka uvuni amaphula nsomba youma gwa ndi mbatatesi yosapsa mkati. Mbatatesi ndiyo imayamba. Imadulidwa zidutswa zofanana, zazikulu ngati dzira lodula pakati, osasenda ngati khungu lake ndi losalala, chifukwa kusenda kumataya gawo la zomwe wagula. Iwiritsidwe m'madzi a mchere kwa mphindi pafupifupi 10, mpaka mpeni uzilowa koma isanayambe kuphwanyika.

Pa chimanga ndi pomwe ambiri otengera maphikidwe a pa intaneti amagwa napo. Chimanga cha ku America chomwe amaika pa thireyi ndi chamtundu wotsekemera, chofewa kwambiri. Chathu, kaya chamakolo kapena cha haibulidi, n'cholimba, ndipo chikalowa mu uvuni chosawiritsa chimatuluka ngati chokazinga, chopweteka mano. Chisankhidwe chanthete, choti ukatsina njere patuluke mkaka, chiwiritsidwe mpaka chitsale pang'ono kupsa, kenaka chidulidwe zidutswa zitatu kapena zinayi chisononkho chilichonse. Mphika womwewo wa mbatatesi ungagwire ntchitoyi, chimanga chitsogole.

Zikakhetsedwa madzi, mbatatesi ndi chimanga zisakanizidwe m'beseni ndi mafuta, mchere, adyo wosinja, anyezi wodula zikuluzikulu ndi tsabola pang'ono. Theka la kapu ya mafuta limakwana thireyi yaikulu ya masikono. Apa ndi pomwe pali kusiyana ndi chiwaya, chomwe chimafuna malita kuti tchipisi iyandame. Ziyalidwe mosasanjikiza. Thireyi ikadzaza mopitirira, chakudya chimatulutsa nthunzi n'kumangowira m'malo mowotcheka, ndipo mtundu wofiirira umene umakoka maso a wodutsa suoneka.

Uvuni ukhale wotentha kwambiri, madigiri 200 mpaka 220 kwa amene ali ndi wamagetsi. Wa nkhuni ulibe nambala, koma kaufa kowaza pa chitsulo kakafiira mwamsanga osapserera, ndiye kuti kutentha kwakwana. Mbatatesi ndi chimanga zikhalemo mphindi 20, zitembenuzidwe kamodzi, ndipo ndi pomwe nsomba imalowa, pamwamba kapena m'mipata. Makumba apakatikati, otumbula, opala mamba ndi ocheka mizere iwiri kapena itatu mbali zonse, amapsa pa mphindi 12 mpaka 15. Mlamba wodula zidutswa zonenepa ngati zala ziwiri umatenga nthawi yofananayo. Nsomba yapsa pamene mnofu wayera mpaka pafupa ndipo ukusiyana wokha ukabayidwa ndi foloko. Mandimu afinyiridwe pophula, osati poyamba, chifukwa nsomba ikakhalitsa m'madzi a mandimu mnofu wake umafewa n'kuphwanyika.

Wopanda uvuni asataye mtima. Njira yophikira chigumu, makala pansi ndi makala ena pa chitsulo chovundikira, imagwiranso ntchito, bola thireyi ikhale yakuya pang'ono ndipo moto wapamwamba uchuluke kuposa wapansi.

Kusankha nsomba si nkhani ya mtengo wokha. Mlamba uli ndi mnofu wambiri, minga yochepa, ndipo mafuta ake amatsikira pa mbatatesi n'kuzikometsa. Kunena zoona, pa thireyi palibe nsomba yoposa imeneyi. Koma ulibe mamba, ndipo a mpingo wa Seventh-day Adventist pamodzi ndi anthu ena ambiri sadya. Wogulitsa wanzeru amaphika mlamba ndi makumba m'mathireyi osiyana ndipo amagwiritsa ntchito zipande zosiyana, chifukwa kasitomala wosadya mlamba sangalandire mbatatesi yomwe yanyowa ndi msuzi wake. Matemba ndi usipa wauwisi n'zotchipa, koma zimapsa pa mphindi zochepa chabe ndipo zikachedwa pang'ono zimasanduka makala.

Soseji ndi msampha wina. Ya ku America yomwe amaika m'chakudyachi imakhala ya nkhumba. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse m'boma la Machinga ndi Asilamu, ndipo ku Balaka nakonso alipo ambiri. Soseji imodzi yokayikitsa ikhoza kuthamangitsa makasitomala a msika wonse, ndipo mbiri yotere ikamveka siifufutika msanga. Woifuna agule ya ng'ombe kapena ya nkhuku yokhala ndi chizindikiro cha halaal, asunge pepala lake kuti wofunsa aone. Koma kwa woyamba kumene, soseji ingokweza mtengo wa mbale. Nsomba payokha ikukwana.

Tsono masamu. Mitengo imasintha sabata ndi sabata, choncho ziwerengero izi n'zongofanizira, aliyense aikemo za pamsika wake. Ngati nsomba, mbatatesi, chimanga, mafuta, zokometsera, nkhuni, zoikamo chakudya, thiransipoti ndi tikiti ya msika zadya K36,000 ndipo thireyi yatulutsa mbale 12, ndiye kuti mbale iliyonse yadya K3,000. Pogulitsa K4,000, mbale 9 zoyamba zikungobweza mpamba, phindu lili pa zitatu zotsirizazo. Zitatuzo zikatsala, tsiku lonse lapita pachabe. N'chifukwa chake chiwerengero cha mbale chiyenera kudziwika thireyi isanalowe mu uvuni: nsomba 12, zidutswa za chimanga 24, mbatatesi zowerengeka pa mbale. Kupungula ndi maso, kuphatikizapo banyira kwa odziwana nawo, kumachititsa kuti mbale yomaliza ikhale ya mbatatesi zokhazokha.

Thireyi ili ndi vuto lomwe chiwaya chilibe. Tchipisi yozizira imabwezedwa m'mafuta n'kutentha pa mphindi imodzi, wokwera basi n'kulandira pa windo. Thireyi imatenga mphindi 35 kapena kuposerapo mu uvuni, osawerengera kuwiritsa, ndipo nsomba yotenthetsa kawiri imauma. Si geni yothamangitsa mabasi ayi. Komanso kwa Amalawi ambiri, mbale yopanda nsima si chakudya, n'chongogwiriza m'mimba, choncho masana ipikisana movutikira ndi malesitilanti a nsima ndi mpunga.

Msika wake uli madzulo ndiponso pa maoda. Madalaivala a mathiraki ogona pa Balaka ndi Liwonde, ogwira ntchito m'maofesi ndi m'zipatala omwe amaweruka atatopa, malo ogona alendo ang'onoang'ono omwe alibe khitchini, malo omwera zakumwa, ndi mabanja ofuna kudya zosiyana Loweruka. M'mwezi wa Ramadan, chakudya chotentha chotuluka dzuwa likamalowa chili ndi ogula ake. Njira yosaluza ndi kutolera maoda m'mawa pa WhatsApp, kulandira theka la ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kugula nsomba molingana ndi maodawo, kuonjezera mbale ziwiri kapena zitatu za odutsa. Ola lophulira likhale lodziwika komanso losasintha kuti anthu alizolowere.

Kutentha kwa Balaka ndi chigwa cha Shire sikuchitira chifundo nsomba. Yogula m'mawa n'kusungidwa m'beseni lopanda ayezi mu Okutobala imafika madzulo itayamba kale kuwonongeka, ndipo adyo ndi tsabola zimangobisa fungo, sizichotsa vutolo. Pogula, mphuno za nsomba zikhale zofiira, maso owala, mnofu wobwerera ukaudina. Itumbulidwe nthawi yomweyo, itsukidwe ndi madzi aukhondo, isungidwe pa ayezi. Chakudya chophikidwa chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Chikhale chovundikira pamoto wochepa kuti chizitenthabe mpaka chigulidwe.

Maboma awiriwa akudziwa bwino mtengo wa uve. Mliri wa kolera womwe boma linalengeza mu Malichi 2022 unayamba kuonekera pa chipatala cha boma cha Machinga, kwa wodwala wochokera ku Balaka, ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Utafika poipa, boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misika, m'madepoti ndi m'misewu, mavenda ambiri n'kudya mpamba ali pakhomo. Ndowa ya madzi yokhala ndi mpopi, sopo, chovundikira ndi chopanira chakudya ziwerengedwe pa mpamba woyambira. Poikamo chakudya, nyuzipepala si yabwino chifukwa inki imamatirira pa zamafuta, ndipo majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 ndi oletsedwa. Mbale zotsuka kwa odyera pompo ndi timabokosi kwa otenga n'zomwe sizingadanitse munthu ndi a zaumoyo a khonsolo.

Chotsala ndi nyengo. Nyanja zimatsekedwa miyezi ina kuti nsomba ziswane, ndipo yogwidwa mozemba ikapezeka imalandidwa. N'chimodzimodzinso yophedwa mu Shire mkati mwa Liwonde National Park, yomwe African Parks ikuyang'anira kuyambira 2015: ngakhale itchipe bwanji, wopikula akhoza kutaya katundu ndi ndalama zomwe. Nyanja ya Chilwa nayo imaphwa zaka zina, monga zinachitikira mu 1995 ndi 2018, makumba ndi matemba n'kusowa pamsika. Makhonsolo ena amaletsanso malonda a chimanga chachiwisi cha m'minda chikamakhwima pofuna kuchepetsa umbava. Thireyi imalola kusintha: mondokwa akasowa pamalowa mbatata ya kholowa kapena dzungu, mbatatesi zikadula palowe chinangwa chowiritsa, nsomba ikavuta palowe nkhuku ya haibulidi yodula zidutswa. Nkhukuyo yokha ndiyo imasintha ndondomeko, chifukwa iyenera kulowa limodzi ndi mbatatesi pachiyambi n'kukhalamo mphindi 35 mpaka 40, mpaka madzi otuluka pafupa ayere.