Mlendo pa Maliro a Dziko

Pa 10 June 2024, Dr Saulos Chilima, Wachiŵiri kwa Pulezidenti, anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pamodzi ndi anthu ena 8. Boma linalamula masiku 21 okhuza maliro.

M'masiku otere alendo akunja odzathandiza m'sukulu ndi m'zipatala zathu amasoŵa pogwira. Akalakwa tisanawalangize, mlandu ndi wathu. Makolo, auzeni atsitse wailesi, ndipo maphwando ayambe adikira. Mkazi avale chitenje popita pasiŵa. Mwamuna avule chipeŵa maliro akamadutsa. Asajambule olira, asaweruze ndale za malemu, pakuti bala likadali laliŵisi. Achinyamata, aperekezeni, muwaphunzitse kupepesa atakhala pansi.

Mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka. Koma amene analira nafe sitimuiŵala.