Ayodini ndi X-ray: momwe khansa yobisala m'bere imaonekera

Tangoyesani kuponya njere imodzi ya mpunga m'lichero lodzaza ufa woyera, kenako muuze mnzanu aipeze ndi maso okha. Atha kuyang'ana mpaka kutopa. Vuto langati limeneli ndi limene madokotala amakumana nalo pofufuza khansa ya m'mawere, matenda amene bungwe la WHO linati anapezeka mwa amayi pafupifupi 2.3 miliyoni m'chaka cha 2022, ndipo anapha anthu pafupifupi 670,000.

Njira yodziwika yofufuzira matendawa ndi mammography. Kumeneku n'kujambula bere ndi X-ray, kuwala kosaoneka ndi maso kumene Wilhelm Röntgen anatulukira ku Würzburg mu 1895. Bere amalipanikiza pakati pa timbale tiwiri kuti liphwatalale, ndiye kuwalako kumadutsamo. Mafuta salimbana nako kwenikweni, choncho pachithunzi amaoneka oderako. Koma minofu yothithikana, monga ya tiziwalo topanga mkaka, imatsekereza kuwala kwambiri ndipo imaoneka yoyera. Tsoka lake, chotupa cha khansa nachonso chimaoneka choyera. Ndiye kwa mayi amene mawere ake ali ndi minofu yothithikana yambiri, chotupa chingathe kubisala ngati njere ya mpunga ija.

Nanga asayansi anachita bwanji? Anapezerapo mwayi pa dyera la chotupacho. Mu 1971, dokotala wina wa ku Boston, Judah Folkman, anafotokoza kuti chotupa sichingakule kupitirira mamilimita amodzi kapena awiri popanda magazi ochibweretsera chakudya ndi mpweya. Choncho chimatulutsa timakemikolo tochititsa thupi kumera timitsempha tatsopano tolunjika kwa icho. Timitsempha timeneti timamera mwachangu ndiponso mosalongosoka, moti timadontha ngati ndowa yobooka. Chilichonse chimene chili m'magazi chimatayikira pamenepo n'kuunjikana.

Apa ndi pamene pamabwera njira yotchedwa contrast-enhanced mammography, mwachidule CEM. Asanajambule, mayi amabayidwa jakisoni pamtsempha wa pamkono, ndipo mankhwala ake amakhala ndi ayodini. Inde, ayodini yemwe uja amathiridwa mu mchere wa kukhitchini, kungoti apa amakhala womangidwa mu mankhwala apadera. Amadikira mphindi pafupifupi ziwiri kuti mankhwalawo azungulire ndi magazi, kenako kujambula kumayamba, ndipo kumatha mphindi zosakwana khumi.

A Chemistry, tsegulani periodic table yanu. Ayodini ali pa nambala 53, kutanthauza kuti atomu yake ndi yolemera ndipo ili ndi maelekitironi ambiri. Chodabwitsa chake n'chakuti mphamvu ya X-ray ikangopitirira 33.2 keV, ayodini amayamba kumeza kuwalako kwambiri mwadzidzidzi, pomwe minofu wamba sisintha chonchi. Makina a CEM amagwiritsa ntchito khalidwe limeneli. Bere lili chipanikizire, amajambula kawiri motsatizana: koyamba ndi mphamvu yochepera pamenepo, kachiwiri ndi mphamvu yoposera. Chithunzi choyamba chimafanana ndi mammogram wamba. Kenako kompyuta imayerekeza zithunzi ziwirizo n'kuchotsa zonse zimene zikufanana. Ufa uja wachoka, chotsala ndi malo amene ayodini waunjikana, ndipo amawala poyera.

Kodi zimathandizadi? Ku Britain kunachitika kafukufuku wotchedwa BRAID, wotsogoleredwa ndi Pulofesa Fiona Gilbert wa ku yunivesite ya Cambridge, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2025. Amayi oposa 9,000 amene analowamo anali a mawere othithikana, ndipo mammogram wamba sinaonetse vuto lililonse. Atawayezanso, CEM inapeza khansa pafupifupi 19 pa amayi 1,000 aliwonse. MRI yachidule inapeza pafupifupi 17, pamene makina a ultrasound anapeza 4 zokha. Ganizirani: onsewa akanabwerera kwawo atauzidwa kuti zonse zili bwino. Ubwino winanso ndi wakuti CEM ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi MRI, ndipo makina ambiri a mammography atha kungowonjezeredwa zipangizo zina kuti azigwira ntchitoyi. Ku America, bungwe la FDA linavomereza makina oyamba otere mu 2011.

Komatu palibe njira yopanda zovuta zake. Mankhwala akamalowa, ambiri amamva kutentha m'thupi ndi kakomedwe kachitsulo m'kamwa, zomwe sizichedwa kutha. Ena ochepa thupi lawo limadana nawo, amachita zidzolo kapena kubanika. Popeza ayodiniyo amatuluka kudzera mu impso, odwala impso amafunika kusamala nawo kwambiri. Kuwala kwa X-ray kumene mayi amalandira kumakhalanso kochulukirapo pang'ono kuposa pa mammogram wamba. Ndipo si malo onse owala amene ali khansa; zotupa zina zosaopsa nazonso zimakoka magazi. Mawu omaliza amachokera ku labotale, akatapa kachidutswa ka chotupacho n'kukaona pa maikulosikopu.

Kuno ku Malawi, vuto lalikulu n'lakuti amayi ambiri amafika kuchipatala matenda atafika kale patali, pomwe khansa ya m'mawere ikapezeka msanga nthawi zambiri imachizika. Apa inunso muli ndi gawo. Amayi anu, azakhali kapena agogo akatchula za chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere yolowa m'kati, magazi otuluka kunsongako, kapena khungu losintha ngati khoko la lalanje, alimbikitseni apite kuchipatala msanga, ngakhale sizikupweteka. Abambonso, ngakhale si kawirikawiri, amadwala matendawa. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, koma kusiyanitsa kwake ndi ntchito ya dokotala, osati yongoganizira kunyumba.