Mpope Wopatsa Mphamvu Tindeke Toseweretsa

M'maiko ambiri muli anthu amene amapanga tindeke toseweretsa, touluka ndi injini yocepa ngati cibakera. Injiniyi imamwa methanol wosakaniza ndi mafuta ofewetsa zitsulo, kawirikawiri a nsatsi, ndipo moto umayambira pa pulagi ya kawaya ka platinum kamene kamakhala kofiira.

Pofuna kuonjezera mphamvu, eni ake amamangirira mpope wa utsi wotupa pakati. Nzeruyi anaikulitsa Walter Kaaden pa njinga zamoto za MZ ku East Germany m'zaka za m'ma 1950. Utsi ukatuluka, mafunde a phokoso amagunda kothera mpope ndi kubwerera, nakankhira mu injini mafuta amene anali kuthawa. Mafundewo ayenera kufika khomo la utsi lisanatsekeke, cotero zonse zimadalira utali wa mpope.

Mpope ukafupika kwambiri, injini imatentha ndi kupsereza mapulagi, mwinanso kuzima ndeke iri m'mwamba, nchito ya miyezi yambiri niphwanyika. Ukatalika, injini imalira bwino koma siifika pa liwiro lake lonse. Ndico cifukwa cace amisiri amayamba ndi mpope wautali, namadulako mamilimita 5 nthawi imodzi, akuyesa liwiro. Likaleka kukwera, amaleka kudula.

Koma asanagwire sowo, amayamba aona ngati mphira wolumikiza mpope sanang'ambike, natsegulako singano ya mafuta, pakuti injini yosowa mafuta imaonongeka msanga. Kumbukirani, awerengi, kuti citsulo codulidwa sicimeranso.